Fort Dupont Cannons, timu ya ana ya hoke ya pa ayisi ku Washington: mafunso omwe mumandifunsa kawirikawiri

Chitumizireni chithunzi cha mwana wanga atavala chipewa chokhala ndi waya kumaso ngati wowotcherera mageti, mafunso sakutha. Ena pa WhatsApp, ena tikakumana pa zinkhoswe ndi pamaliro kuno ku Maryland, mpaka malume ena kumudzi anaimba foni kufunsa ngati mwanayo ali bwinobwino mmutu. Nde nthawi zonse ndimapezeka ndikukamba za mdala mmodzi, a Neal Henderson, ndi timu yawo ya Fort Dupont Cannons, poti kuno sungakambe za mwana wakuda pa ayisi osatchula dzina limeneli. Ndineneretu kuti wanga samenya ku Cannons, amamenya kwina. Mafunso aja ndawaika pamodzi apa kuti ndisamangobwereza.

Hoke ya pa ayisi ndi chani? Ndi ija timaiona ku Blantyre?

Ayi, ija ndi yapabwalo wamba, othamanga ndi miyendo. Iyi imaseweredwa pa madzi oundana, osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi, timangoti masiketi, ndipo mmalo mwa mpira pali kachimphira kakuda kaphwatalala kotchedwa puck, kolemera pafupifupi magalamu 170, kolimba ngati mwala. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 pabwalo kuphatikiza goloboyi, ndipo gemu ya akuluakulu imakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 20. Osewera amasinthana gemu ili mkati osadikira refu, munthu amangomenya kamphindi kamodzi basi mpweya watha, wina walumphira kale. Bwalo la mu ligi yaikulu ya ku America ndi Canada yotchedwa NHL ndi lotalika mamita 61, mlifupi 26, lozunguliridwa ndi matabwa ndi magalasi. Gemu yoyamba ya mkati mwa nyumba yokhala ndi dongosolo inachitikira ku Montreal, Canada, pa 3 Malichi 1875.

Nanga Fort Dupont Cannons ndi ndani?

Ndi kalabu ya ana, anyamata ndi atsikana a zaka 8 mpaka 17, dzina lake lonse ndi Fort Dupont Ice Hockey Club. Inayamba mu 1978 ku Southeast Washington ndipo imadziwika kuti ndi yakale kuposa ina iliyonse ku North America mwa mapulogalamu a hoke omwe anakhazikitsidwira ana akuda ndi amitundu ina yomwe masewerawa ankaisiya kunja. Ana opitirira 1,000 adutsamo. Sikuti amakana mzungu ayi, khomo ndi lotsegula, kungoti ana ambiri amachokera mmadera oyandikana ndi bwalolo.

A Henderson anaiphunzira kuti hokeyo poti ndi munthu wakuda wa kuzilumba zotentha?

Funso limeneli ndimalikonda chifukwa nanenso ndinadabwa. Anabadwa mu 1937 pa chilumba cha St. Croix ku US Virgin Islands, kumene ayisi amangomuona mu kapu. Bambo awo ankagwira ntchito mu zombo zonyamula katundu, ndipo nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse banja linakakhala ku St. Catharines, Ontario, ku Canada. Kumeneko mwana aliyense nyengo yozizira amakhala pa ayisi, monga mmene kwathu mwana aliyense amathamangira mpira wachikulunga, nde nayenso anangolowa mgulumo. Kenako banja linasamukira ku New York, iwo osaisiya hokeyo, atakula analowa usilikali wa ndege wa America, namamenyanso mmatimu ang'onoang'ono a akuluakulu. Ku Washington anafika cha mma 1960.

Tangoganizani munthu wakuda pa ayisi zaka zimenezo, malamulo atsankho asanathe nkomwe mmadera ambiri a America. Zomwe ankamva kuchokera kwa ochemerera simukufunika kuti ndikuuzeni.

Timuyi inayamba bwanji?

Inayambira pakhomo. A Henderson ankakhala ku Springdale, Maryland, ndipo nyengo yozizira ikafika pachimake ankathira madzi pa simenti yoimikapo galimoto, madzi aja nkuundana usiku, kukacha mwana wawo ndi anzake a mdera nkumaterereka pamenepo ndi ndodo. Mukudziwa mmene ana amachitira, mmodzi akaona mnzake akusangalala mawa abwera ndi atatu, mpaka pakhomo paja panachepa, komanso ayisi wa panja sadalirika, ku Washington sikuzizira ngati ku Canada, lero waundana mawa dzuwa latuluka wasungunuka. Apa mpomwe anayamba kuchita lendi nthawi pa bwalo la Fort Dupont Ice Arena lomwe linali litangotsegulidwa mu 1976, ndipo mu 1978 kalabu inakhazikika.

Panalibe bungwe lalikulu kumbuyo kwawo, NHL inali isanayambe nkomwe zoganizira ana a mmakwalala ngati amenewa. Anali munthu mmodzi wa ntchito yake, makolo angapo ndi zipangizo zotoleratolera. Ineyo chimene chimandigwira mtima sikuyambako, poti oyambitsa zinthu ndi ambiri, tonse tikuwadziwa anthu amene anayambitsa timu ya ana nkuisiya jezi zisanathe nkomwe kutsuka. Mdalayu anakhalabe pa ayisi ndi wezulo pakamwa zaka zopitirira 40, mpaka ana omwe anawaphunzitsa kuima anabwera ndi ana awo.

Bwaloli lili pati, ndipo bwanji mumalitchula ngati malo opatulika?

Lili pa Ely Place, mu Ward 7, mmphepete mwa paki ya Fort Dupont, tsidya la kummawa kwa mtsinje wa Anacostia. Amene simunafikeko ku Washington, mzindawu mtsinje umenewu unaugawa pawiri. Kumene kuli White House ndi maofesi a akazembe ndi mbali ina, ukawoloka mlatho wafika ku Ward 7 ndi Ward 8 komwe anthu ambiri ndi akuda ndipo ndalama, zipatala ndi masitolo akuluakulu a zakudya ndi zochepa. Mu 1970 anthu 7 mwa 10 alionse mu mzindawu anali akuda, mpaka unkatchedwa Chocolate City.

Bwaloli anamanga ndi a National Park Service, nthambi ya boma yoona za mapaki, mchaka chomwe America imakondwerera zaka 200 za ufulu. Ndipo kwa zaka zambirimbiri linali bwalo lokhalo la ayisi la mkati mwa nyumba lotsegukira aliyense mu mzinda wonse wa Washington. Mwamva bwino, lokhalo, ndipo linali ku dera la osauka. Nde zinkachitika zachilendo, ana a masukulu odula ankawoloka mtsinje kudzapanga ma practice ku Southeast, kumene makolo awo masiku ena sakanapondako. Mabwalo ena onse anali kunja kwa mzinda, ku Maryland ndi ku Virginia, kofunika galimoto ndi kholo lomwe lawerukako msanga kuntchito. Popanda bwalo limeneli Cannons sikanakhalako, mwana wokwera basi sanganyamule chikwama cha hoke kudutsa nacho mizinda iwiri usiku.

Dzina loti Cannons ndi mitundu ya jezi zikutanthauza chani?

Cannons ndi mizinga. Pamalopo panali linga la asilikali nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya America, ya 1861 mpaka 1865, limodzi mwa malinga 68 omwe anazungulira Washington, ndipo analitcha dzina la mkulu wa asilikali apanyanja Samuel Francis Du Pont. Chosekesa nchoti mizinga ya pa lingali sinawombereko mdani olo kamodzi. Koma akapolo othawa ankafikira pamenepo kupeza chitetezo asanalowe mu mzinda, ndipo zitunda za dothi za lingalo zikuonekabe mu pakimo.

Jezi ndi yakuda, yagolide ndi yoyera, ndipo a Henderson sanangosankha chisankhe. Wakuda ukuimira asilikali akuda omwe anamenya nkhondo ija ku mbali ya Union, ya boma la kumpoto, analipo pafupifupi 180,000. Wagolide ndi mabatani a pa yunifomu zawo. Woyera ndi mabwana awo, poti magulu a asilikali akuda ankatsogoleredwa ndi azungu. Mwana akalandira jezi amalandira ndi phunziro la mbiri pompo, afune asafune.

Koma zoona zake, si masewera a azungu amenewa?

Ili nde limabwera tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri ofunsa ndi akuda anzanga. Ukaonera NHL pa TV ungaganize choncho, koma mbiri ikukana. Mu 1895 ku Halifax, Nova Scotia, atsogoleri a mipingo ya Baptist ya anthu akuda anayambitsa ligi yawoyawo, Colored Hockey League, zaka 22 NHL isanabadwe, paja NHL ndi ya 1917. Cholinga china chinali kukokera anyamata kutchalitchi, zomwe azibusa athu angazimvetse bwino.

Wakuda woyamba mu NHL anali Willie O'Ree wa ku Fredericton, Canada, anamenyera Boston Bruins pa 18 Januwale 1958 polimbana ndi Montreal Canadiens. Munthuyu diso lake lakumanja linali losaona, puck inamumenya zaka ziwiri mmbuyo mwake, koma anabisa osauza matimu poti akanamuchotsa. Anamenya magemu 45 mu NHL. Atachoka iye panadutsa zaka zoposa khumi popanda wakuda wina, mpaka 1974 pomwe Mike Marson analowa mu Washington Capitals, timu yomwe inali itangoyamba chaka chomwecho. Inali timu yomvetsa chisoni, inawina magemu 8 okha mwa 80 sizoni yoyamba, koma ana akuda a mu Washington anaonako munthu wofanana nawo pa ayisi, ndipo Bill Riley anabweranso mu timu yomweyo. Zaka zinayi zokha kenako Cannons inayamba.

Tsankho lilipobe, ndisakunamizeni. Mu Febuluwale 2018 ku Chicago ochemerera ena ankakuwiza Devante Smith-Pelly wa Capitals kuti basketball, basketball, kutanthauza kuti wakuda malo ake ndi kumeneko. Anawatulutsa mu bwalo. Miyezi inayi yokha kenako yemweyo anagoletsa chigoli chofananitsa mu gemu yomwe Capitals inatengera chikho. Koma chotchinga chachikulu masiku ano ndi chomwe chili mu funso lotsatirali.

Chimadula nchani kwenikweni?

Chilichonse! Mpira wamiyendo umangofuna mpira ndi miyala iwiri ya golo. Apa mwana asanagunde puck nkomwe akufunika masiketi, helemeti ya waya, zoteteza mapewa, zigongono, mawondo ndi akatumba, kabudula wa thonje lolimba, magolovesi, choteteza khosi, cha mkamwa, ndodo, ndi chikwama chachikulu ngati thumba la makala choikamo zonsezi. Masiketi abwino okha ndi madola mahandiredi, ndipo phazi la mwana silidikira, chaka chamawa athina. Ndodo zamakono zimathyoka. Mipeni ija imafuna kunoledwa pafupipafupi, nazonso ndi ndalama. Za goloboyi nde musafunse.

Komabe zovala si vuto lalikulu poti kaunjika alipo, ine zoyamba zonse ndinagula kwa kholo lina lomwe mwana wake anakula. Chomwe chimapha ndi ayisi. Bwalo la ayisi ndi filiji yaikulu yomwe imayaka usana ndi usiku, ola limodzi la lendi ndi madola mahandiredi angapo, ndipo maola abwino amatengedwa ndi olipira zambiri, osauka amatsalira 6 koloko mmawa kapena usiku kwambiri. Mwana akalowa matimu oyendayenda, onjezani mafuta, mahotela ndi mafizi a mipikisano, pachaka zimakwana madola masauzande.

Apa mpomwe pagona ntchito ya Cannons. Mwana amabwera chimanjamanja, amamubwereka zipangizo, makochi ndi ongodzipereka osalandira kanthu, ndipo kholo limapereka zochepa kwambiri poyerekeza ndi kwina. Zambiri zimachokera kwa akufuna kwabwino.

Ndinamva kuti mdalayu amayang'ana malipoti a kusukulu. Ndi zoona?

Zoona, ndipo ndi chimene makolo amamukondera. Lamulo lake ndi lakale, sukulu patsogolo, ukalephera mkalasi pa ayisi supondapo mpaka magiredi akwere, ndipo amafuna kuona lipotiyo ndi maso ake osati kumva za mkamwa. Ulemu nawonso, kupereka moni, kuvala bwino pa ulendo, kusunga nthawi, kusatukwana olo wina akutukwane.

Anthu ena amati kumeneko nkuumitsa zinthu, mwana wovutika kusukulu ndi yemwe akufunika masewera kwambiri. Ndimawamva ndithu. Koma ndinaona ndekha kwathu kuno mmene zimagwirira ntchito, wanga nditamuuza kuti homuweki isanathe masiketi sakutuluka mu galimoto, masamu omwe ankamulizitsa sabata yonse anatha mphindi makumi awiri ali pa mpando wakumbuyo, tochi ya foni mmanja. Mwana akakonda chinthu wakupatsa chogwirira. A Henderson anazindikira zimenezi kalekale, hoke kwa iwo inali nyambo, mbedza yake ndi sukulu.

Alipo wa Cannons amene anafika mu NHL?

Anthu amafunsa ngati kuti ndiye muyeso wake. Njira yopita ku NHL imadutsa mmatimu odula aja ndatchula pa funso la ndalama, mwana amafunika kukhala pa ayisi pafupifupi tsiku lililonse, pomwe kalabu ngati iyi imangopeza maola ochepa pa sabata. Nde yang'anani kwina. Ralph Featherstone anayambira pa Fort Dupont, anapita ku US Naval Academy komwe anakhala kaputeni wa timu ya hoke, anafika pa udindo wa Lieutenant Colonel mu Marines, nabwereranso kudzaphunzitsa ana pa bwalo lomwelo. Duante Abercrombie naye ndi mwana wa Cannons, anagwirako ntchito ndi makochi a timu ya NHL ya Toronto Maple Leafs, ndipo mu 2024 anasankhidwa kukhala kochi wa hoke pa Tennessee State University, yoyamba mwa mayunivesite akale a anthu akuda kulengeza zokhala ndi timu ya hoke.

Bwalo lomweli linathandizanso Maame Biney, mtsikana wobadwira ku Accra, Ghana, amene anabwera ku America ali ndi zaka 5. Iye sanali wa hoke, anali wa liwiro la pa ayisi, ndipo mu 2018 anakhala mkazi wakuda woyamba kuimira America pa Olimpiki mu mpikisano wa short track, wothamanga pa masiketi mozungulira kabwalo kakang'ono.

Cannons ndi Friends of Fort Dupont Ice Arena ndi chinthu chimodzi?

Ayi, ambiri amasokoneza. Cannons ndi kalabu ya hoke. Friends ndi bungwe lomwe linapangidwa mu 1996 pomwe a National Park Service anafuna kutseka bwalo lija ati likudya ndalama. Makolo ndi okonda ayisi anasonkhana nalitenga kuti aziliyendetsa okha, nayambitsanso pulogalamu ya Kids On Ice yophunzitsa ana kutsetsereka, kuvina pa ayisi, liwiro ndi hoke. Akanatseka chaka chimenecho, Cannons ikanathera pa zaka 18. Malowo kenako anachoka mmanja mwa boma lalikulu kupita ku boma la mzinda mu 2010.

Nanga NHL ndi Washington Capitals amathandizapo?

Amathandiza, ngakhale anabwera mochedwa, mdala atavutika kale yekha zaka pafupifupi 20. Cha mma 1990 NHL inayamba kusonkhanitsa mapulogalamu a mtunduwu, zomwe pano zimatchedwa Hockey Is For Everyone, ndipo mu 1998 inalemba Willie O'Ree uja kuti aziyendera ana. Cannons ili mmenemo. A Capitals amapereka zipangizo, ndalama ndi matikiti, osewera amabwera nthawi zina kudzatsetsereka ndi ana.

Tsiku losaiwalika ndi la mu Juni 2018. Capitals itangotenga Stanley Cup koyamba mu mbiri yake pogonjetsa Vegas Golden Knights pa 7 Juni, kaputeni Alex Ovechkin ndi mwini timu Ted Leonsis ananyamula chikhocho kupita nacho ku Fort Dupont. Chikho chimenechi ndi chakale, anayamba kuchipereka mu 1893, chachitali pafupifupi mita ndipo pali maina a osewera ambirimbiri omwe anachiwina. Chinawoloka Anacostia kukalowa mu bwalo lokalamba lija ana nkumachigwira ndi manja awo. Ena amati zinali zongofuna makamera. Mwina pang'ono, koma funsani mwana amene anachikhudza.

A Henderson analandirako ulemu uliwonse?

Mu 2018 anali mmodzi mwa atatu omaliza pa mphoto yoyamba ya Willie O'Ree Community Hero Award. Inapita kwa malemu Darcy Haugan, kochi wa Humboldt Broncos amene anamwalira pa ngozi ya basi ku Saskatchewan mu Epulo chaka chomwecho, ngozi yomwe inapha anthu 16, nde panalibe wodandaula. Mu 2019 analowetsedwa mu US Hockey Hall of Fame ali ndi zaka 82, wakuda woyamba kulowamo, pamodzi ndi mkulu wa NHL Gary Bettman ndi osewera Tim Thomas, Brian Gionta ndi Krissy Wendell. Mwambo wake unachitikira mu Washington momwemo mu Disembala.

Ayisiyo sasungunuka nthawi yotentha?

Pansi pa bwalo pali simenti, mkati mwa simentimo muli mapaipi ambirimbiri oyendamo madzi amankhwala ozizira kwambiri, nde madzi akathiridwa pamwamba amaundana. Ayisi wake si wonenepa, masentimita awiri kapena atatu basi, amaupenta woyera, mizere yofiira ndi yabuluu ili mkati mwake. Osewera akaukanda pamabwera chigalimoto chotchedwa Zamboni, dzina la Frank Zamboni wa ku California amene anachipanga mu 1949, chimapala pamwamba nkuthira madzi otentha omwe amadzaza mmikwasa monse nkuundana mosalala ngati galasi. Ana aang'ono ambiri amakonda Zamboni kuposa gemu, wanga chaka choyamba ankati akakula adzakhala dalaivala wake.

Si zoopsa? Pa TV timangoona akumenyana zibakera.

Za pa TV zo ndi za NHL, komwe omenyana amangowakhazika pambali mphindi 5. Kwa ana ukaponya chibakera watuluka gemu, mwinanso yotsatira. Kugundana ndi thupi mwadala ku America kumaloledwa kuyambira zaka 13, ndipo mmatimu a atsikana a msinkhu umenewu sikuloledwa. Mwana aliyense amavala waya kumaso. Choteteza khosi chinakhala chokakamiza kwa ana kuyambira Ogasiti 2024, Adam Johnson atamwalira ku Sheffield, England, mu Okutobala 2023 mpeni wa siketi utamucheka pakhosi gemu ili mkati.

Kuvulala kulipo, makamaka kugwedezeka kwa ubongo, ndipo kochi wabwino samubwezera mwana pa ayisi akagunda mutu olo mwanayo alire. Koma kugwa wamba sikupweteka, ndi zovala zonse zija mwana amagwa ngati pilo. Phunziro loyamba penipeni ndi limenelo, amawagwetsa dala nkuwaphunzitsa kudzuka, bondo limodzi kaye kenako linalo.

Alipo mapulogalamu ena otere? Nanga ku Africa?

Alipo, ndipo ambiri anabwera pambuyo pa Cannons. Ice Hockey in Harlem ku New York inayamba mu 1987, ana ake ankasewera pa bwalo la panja la Lasker kumpoto kwa Central Park. Ku Philadelphia, malemu Ed Snider, amene anali mwini wa timu ya NHL ya Flyers, anayambitsa lake mu 2005, limenelo nde la ndalama, linafika potenga mabwalo a mzinda omwe amafuna kutsekedwa nkuwakonza.

Ku Africa, South Africa ili mu bungwe la hoke yapadziko lonse la IIHF kuyambira 1937, ndipo abale athu muli ku Joni mabwalo a ayisi muli nawo pafupi, ku Northgate ndi ku Festival Mall ya ku Kempton Park, a ku Cape Town ku GrandWest. Ku Nairobi kuli kabwalo mu hotela ya Panari komwe kunabadwira Kenya Ice Lions. Anyamatawa analibe timu yomenya nayo, mpaka mu 2018 kampani ya khofi ya Tim Hortons inawatengera ku Canada komwe anamenya limodzi ndi akatswiri a NHL Sidney Crosby ndi Nathan MacKinnon. Kenya inalowa mu IIHF mu 2024. Za kwathu musandifunse, filiji ya mamita 61 ndi magetsi athu aja tingapeze dziwe la nsomba mmawa.

Bwalo lakale lija lilipobe?

Ayi. Linakalamba, makina ozizitsa anatopa, ndipo nkhani yomanga latsopano inakokedwa zaka zambiri, ndalama kulonjezedwa, kusunthidwa, makolo ndi ana kupita ku khonsolo ya mzinda atavala majezi kukadandaula. Poyamba ankafuna mabwalo awiri mnyumba imodzi kuti maola achuluke, mitengo itakwera zinasintha. Mu 2023 lakale linatsekedwa kuti amange latsopano pamalo pomwepo, ndipo nthawi yomangayo ana anayenera kumakabwereka ayisi kwina, vuto lomwe lija la mayendedwe ndafotokoza pamwambapa.

Mwana wanga akufuna kuyamba, nditani?

Musathamangire kugula ndodo. Ayambe waphunzira kutsetsereka, mabwalo ambiri ali ndi makalasi a ongoyamba ndipo masiketi amabwereketsa. Matimu a NHL alinso ndi pulogalamu ya Learn to Play ya ana aang'ono komwe ukalipira kamodzi amakupatsa zovala zonse, funsani pa bwalo lomwe muli nalo pafupi. Amene muli ku Washington DC ndi ku Prince George's County ya ku Maryland funsani za Cannons ndi Kids On Ice. Zovala gulani zakaunjika kupatula helemeti, imeneyo ikhale yatsopano kapena yoti deti yake sinathe, kumbuyo kuli kasitika.

Masiketi asakhale aakulu ati adzakuliramo ngati nsapato za sukulu, phazi likamasewera mkati mwana sangaime. Zingwe mumange inuyo, mokoka mpaka zala kuwawa, ana osakwana zaka 9 sangathe okha, ndipo mudzagwada pansi pa labala wonyowa uja kambirimbiri musanazolowere. Inu nomwe tengani jekete ndi bulangete olo kunja kukutentha, mabenchi ake amazizira mpaka mmafupa, ine tsiku loyamba ndinapita nditavala malaya a manja aafupi mu Julayi ndipo ndinathera gemu yonse ndili pa khomo la kuchimbudzi komwe kunali kafunda. Mukafika kunyumba tulutsani zonse mchikwama muyanike tsiku lomwelo. Ndinaiwalako kamodzi Lachisanu, chikwama nkugona mu buti mpaka Lolemba, galimoto ija tinayenda mawindo ali otsegula sabata yathunthu.